Ulendo wa ku Brittany pa galimoto: kwerani sitima ya usiku

Achemwali a ku Leicester, mwafunsa ngati muwolokere pa Dover kapena pa Portsmouth popita kukagona m'matenti ku Brittany, dera la ku France, mu Ogasiti, inuyo, bambo a kunyumba ndi ana awiri. Musanagule tikiti, yambani mwatulutsa mapasipoti onse. Aliyense amene akadali ndi pasipoti ya Malawi ayenera kukhala ndi viza ya Schengen, yolowera ku France ndi maiko ena a ku Ulaya, ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhazikika kuno ku UK. Munthu wamkulu amalipira mayuro 90, ndipo amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000 komanso umboni wa komwe mukagone. Amalola kufunsira kutatsala miyezi 6, ndiye musadikire Julayi, masiku okapereka mapepala amatha msanga.

Za sitimazo, ine ndingakwerere pa Portsmouth. N'zoona kuti kuchoka ku Dover kukafika ku Calais ndi ola limodzi ndi theka basi, mtengo wake ndi wotsikirapo. Koma mukatsika ku Calais mumakhala mwatsala ndi makilomita pafupifupi 500 kuti mufike ku Saint-Malo, doko la ku Brittany, mutayendetsa kale kuchokera ku Leicester, ana atatopa, woyendetsa akuphunzira kuyenda kudzanja lamanja. Mukafika kutada, n'kumakhoma zikhomo za tenti ndi tochi ya foni. Sitima ya Brittany Ferries imanyamuka ku Portsmouth madzulo n'kukafika ku Saint-Malo m'mawa, maola ngati 11. Lipirani chipinda chogona, musaumire, tulo timeneto ndi tomwe mukugula. Ndalama yomwe mwawonjezerayo ina imabwerera pa mafuta ndi zipata zolipira pamsewu.

Pogula tikiti nenani kutalika kwa galimoto pamodzi ndi bokosi la padenga. Nenaninso kuti muli ndi silinda ya gasi, ndipo ikhale yotseka. Sitima ikanyamuka salola kubwerera kugalimoto, choncho mankhwala, majuzi ndi misuwachi ya ana zikhale m'kachikwama kokwera nako pamwamba.

Gasi ndi amene amagwetsa ulesi anthu ambiri. Silinda ya Calor, kampani ya gasi ya kuno ku UK, simungaisinthe ku France. Tengani chitofu chogwiritsa gasi wa Campingaz, yemwe amapezeka m'masitolo akuluakulu kumeneko. Chingwe cha magetsi chikhale ndi pulagi yabuluu yolumikizira magetsi pamalo ogona m'matenti, mutengenso kolumikizira ka mano awiri chifukwa malo ena akale akadali otero.

Pagalimoto pakhale chomata cha UK, cha GB chinasiya kugwira ntchito mu 2021. Mukhale ndi V5C (chikalata cha kalembera wa galimoto), chizindikiro cha ngodya zitatu, jekete yowala yoti muifikire muli pampando, ndi zomata pa nyali kuti musathobwe anzanu m'maso. Pamsewu waukulu malire ndi makilomita 130 pa ola, mvula ikamagwa 110. Pa zipata, makina amakhala kumanzere, ndiye khadi agwire amene sakuyendetsa.

Chomaliza chikukhudza ifeyo amene sitiyenda opanda kamba. Nyama, mkaka ndi tchizi zochokera kuno saloleza kulowa nazo, ngakhale nkhuku yokazinga kale. Ufa tengani, mthiko musaiwale, ndiwo mukagula mukatsika ku Saint-Malo. Kumbukirani kuti Lamlungu masana masitolo ambiri amakhala atatseka.