Kodi "autor" ndi "author" ndi pachibale?

Mayi ena amene amaphunzitsa ku Tete anditumizira imelo. Akuti pa mabuku a Chipwitikizi amawona mawu akuti autor, pa a Chingerezi author, ndiye akufunsa: adabwereka kwa mnzake ndani?

Zikomo mayi. Palibe adabwereka kwa mnzake, onse adatunga pa chitsime chimodzi, Chilatini cha Aroma. Kumeneko mawuwa anali auctor, ochokera ku mneni augere, kutanthauza kukulitsa kapena kuchulukitsa. Lero m'Chitaliyana amati autore, m'Chifalansa auteur, m'Chisipanishi autor, m'Chirasha avtor. Angerezi adawalandira kudzera m'Chifalansa chakale, ndipo poyamba ankalemba autour kapena auctour. Malembo a "th" aja adadzakhazikika cha m'zaka za m'ma 1500.

Koma chimene ndikufuna muwauze ana anu m'kalasi n'chakuti auctor sanali kwenikweni munthu wogwira cholembera. Wolemba ndi dzanja ankatchedwa scriptor, komwe kudachokera escritor wanu wa Chipwitikizi. Auctor anali mwini nkhani: woiyambitsa, woikhalira kumbuyo, woti ikavuta anthu amufunse iyeyo. Ngakhale wogulitsa munda ankatchedwa auctor, poti ankatsimikizira wogulayo kuti mundawo ndi wakedi. Mpake kuti mawu a Chingerezi akuti authority adatuluka m'banja lomweli.

Kusiyana kumeneku kunali kooneka ndi maso masiku amenewo, chifukwa akuluakulu ambiri ankangolankhula, wina n'kumalemba. Cicero, wandale wotchuka wa ku Roma, anali ndi mlembi wake Tiro, kapolo amene adamumasula pambuyo pake. Tsegulaninso Aroma 16:22, mupeza Tertio akupereka moni ndi kunena kuti ndiye adalemba kalatayo. Komabe tonse timati ndi kalata ya Paulo, ndipo sitilakwa, poti woimira mawuwo ndi Paulo. Ine izi ndimaziona zofunika kwambiri lero, pomwe anthu akungotumizirana nkhani pa WhatsApp zosadziwika mwini wake.

Muzu womwewu wa augere udafika ngakhale pa kalendala yathu. M'chaka cha 27 BC nduna za ku Roma zidapatsa Octavian, wolamulira wa Aroma, dzina laulemu lakuti Augustus, ndipo mwezi wa Ogasiti ndi wa dzina lakelo.

Si Azungu onse adatengera Chilatini. Ku Iceland amati höfundur, ku Sweden författare, ku Hungary szerző, pomwe Agiriki ali ndi awoawo, syngrafeas, ochokera ku mneni wawo wotanthauza kulemba.