Kodi tiyi wa chidede angathetse kuiwalaiwala?

FUNSO: Zikomo akonzi. Mayi anga a zaka 68 ayamba kuiwalaiwala, mpaka kusiya mphika pamoto. Amamwanso mankhwala a BP. Mnzanga akuti tiyi wa chidede amateteza ubongo chifukwa muli ma antioxidant. Ndi zoona? Nanga ndiwakonzere bwanji?
Mayi wa ku Chibavi, Mzuzu

YANKHO: Mayi, mnzanuyo sananame, koma wathirako mchere. Kufiira kwa chidede kumachokera ku ma anthocyanin, mtundu wa ma antioxidant, omwe amathandiza kuchepetsa kuwonongeka kwa maselo. Koma zoti amateteza ubongo zaoneka makamaka pa makoswe ndi pa maselo a mu labotale, osati pa agogo oiwala mphika.

Umboni wogwirika pa anthu uli pa BP. Pa kafukufuku wa yunivesite ya Tufts ku Boston wa mu 2010, omwa makapu atatu patsiku kwa milungu 6, nambala yapamwamba ya BP yawo idatsika ndi pafupifupi 7. Izi ndi zabwino ku ubongo, poti BP yokwera imawononga timitsempha ta m'mutu ndi kuyambitsa sitiroko. Koma anthuwo sankamwa mankhwala a BP. Mayi anu akumwa, ndiye kuphatikiza ziwirizi kungaitsitse mopitirira, n'kuyamba chizungulire podzuka. Asasiye mapiritsi, ayambe ndi kapu imodzi patsiku, ndipo muuze adokotala. Oyembekezera asamwe konse.

Kukonza kwake: tengani masupuni ang'onoang'ono awiri a chidede chouma, tizikho tofiira totsala duwa likayoyoka tija. Thirani madzi ongowira kumene okwana 250 ml, vindikirani kwa mphindi 5 mpaka 10, kenako sefani. Musaviike m'poto wa aluminiyamu, chifukwa kuwawasa kwake kumadya potoyo. Soda musathire: tiyi amada n'kubiriwira, chizindikiro choti ma anthocyanin akuwonongeka. Shuga akhale wochepa, ndipo akamwa achukuche m'kamwa ndi madzi kuti mano asaperepeseke.

Vuto la kuno ku Mzuzu ndi kuyanika. Nyengo ya mawawa, mu Juni ndi Julayi, chidede chimachita chuku msanga. Yalani mopyapyala pa lichero pamthunzi popita mphepo mpaka chizithyoka mukachipinda, n'kusunga m'botolo lotseka bwino. Chonunkha chinyezi tayani.

  

Pakali pano, pitani nawo mayi kuchipatala chapafupi kapena ku Mzuzu Central Hospital akayezedwe BP, shuga ndi magazi. Kuiwala kwina kumabwera ndi kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro kapena kukhumudwa, ndipo izi zimachizika zikapezeka msanga.