Kodi vayolini yamagetsi ingandilowetse m'bandi ya jazz?

Funso: Ndinaphunzira kuyimba vayolini powerenga manotsi, koma mtima wanga uli pa nyimbo za jazz, funk ndi soul. Kodi nditagula vayolini yamagetsi, ndingathe kulowa m'bandi n'kumadalira ntchitoyi pa moyo wanga?

Yankho: Vayolini yamagetsi imathetsa vuto limodzi lokha, lomwe ndi kusamveka. Vayolini wamba ikakhala pakati pa ng'oma, besi ndi malipenga mawu ake amamira, ndipo mukati muikweze pa maikolofoni masipika amayamba kulira mogonthetsa m'khutu, chifukwa mphako ya chidacho imatola phokoso la m'sipika n'kulibwezanso. Yamagetsi kawirikawiri ilibe mphako. Kachipangizo kotchedwa pickup kamatola kunjenjemera kwa zingwe n'kukutumiza ku ampulifaya, chipangizo chokuza mawu, ndipo mavayolini ena amagetsi ali ndi chingwe chachisanu cha mawu otsika a C. Vutoli ndi lakale, pakuti Stuff Smith, woyimba jazz wa ku America, anali atayamba kale kukuza mawu a vayolini yake ndi magetsi ku New York m'zaka za m'ma 1930.

Chimene chingakulowetseni m'bandi ndi dzanja logwira uta, kamtengo kamene mumakoka pa zingwe. Jean-Luc Ponty, katswiri wa vayolini ya jazz amene anabadwira ku France mu 1942, nayenso anaphunzira manotsi, ku Paris, koma asanadziwike pa vayolini ankayimba jazz ndi kilarineti ndi sakisofoni. Atabwerera ku vayolini anachepetsa kunjenjemeretsa chala pa chingwe, n'kumadula mawu monga amachitira woomba lipenga, amene amayenera kuima kuti apume. Apa ndi pamene ambiri ochokera ku manotsi amapunthwa: amakoka uta wonse mosalala, mawu n'kumatuluka okoma ndithu, koma osagwirizana ndi ng'oma. Mu funk uta umayenda pang'ono kwambiri, pafupi ndi pogwirira, ndipo nthawi zina umangogogoda zingwe kuti uthandize woyimba ng'oma. Mu soul mumayankha woyimba ndi mawu ochepa iye akangomaliza mzere, kenako n'kukhala chete. Kukhala chete kumeneku n'kovuta kuposa momwe kumamvekera.

Za ndalama, sitikubisirani: mabandi ambiri safuna vayolini usiku uliwonse, choncho odalira chidachi amaphatikiza kujambulira ena nyimbo mu situdiyo, kuperekeza oyimba pa maulendo, kuyimba pa maphwando ndi kuphunzitsa. Ngakhale Ponty anayamba wagwira ntchito ndi woyimba wa ku America Frank Zappa ndi bandi ya Mahavishnu Orchestra dzina lake lisanamveke kwambiri payekha, ndipo Noel Pointer, woyimba vayolini wa ku America amene anasakaniza jazz ndi soul, anadziwika chifukwa cha nyimbo zofikirika kwa anthu wamba.

Ife tikuona kuti musathamangire kugula. Ikani pickup pa vayolini imene muli nayo, muilumikize kudzera pa preamp, kachipangizo kokonza mawu asanafike ku ampulifaya, kuti mawu asamaswe m'khutu, ndipo mupeze woyimba ng'oma ndi wa besi oti muziyeserera nawo popanda pepala la manotsi. Akayamba kukuitanani okha ku zochitika zaphokoso kumene chida chanu chikulephera kumveka, pamenepo mugule yamagetsi.