Ija 36 peresenti ya katemera wa malungo, tiimve bwanji?

Achemwali, mwafunsa kuti popeza mwamva zoti katemera wa malungo amateteza ndi 36 peresenti yokha pamene wa chikuku amafika 97, kodi n'koyenera kuyenda maulendo anayi kusikelo mwana ali kumsana chifukwa cha katemera wofooka chonchi. Amene anakuuzani nambalayo sananame. Koma peresenti payokha siikuuzani ngati mankhwala kapena katemera ali ndi phindu kwa mwana wanu. Funso loyamba ndi lakuti 36 peresenti ya chiyani, ndipo chinthucho chimagwera ana athu kangati.

Katemerayu, wotchedwa RTS,S, anayesedwa kuyambira 2009 mpaka 2014 m'malo 11 a m'mayiko 7 a mu Africa, ndipo Lilongwe inali pomwepo. Mwa ana amene anayamba kubayidwa ali ndi miyezi pakati pa 5 ndi 17 n'kumaliza jakisoni zonse zinayi, kudwala malungo kunatsika ndi 36 peresenti m'zaka pafupifupi zinayi poyerekeza ndi anzawo osabayidwa. Tsono malungo si chikuku, chimene mwana amadwala kamodzi basi. Kumadera a kunyanja ndi kuchigwa cha Shire mwana mmodzi atha kugwidwa kangapo chaka chimodzi. N'chifukwa chake ofufuzawo atawerenga bwino anapeza kuti pa ana 1,000 obayidwa, kudwala kokwana 1,774 kunapewedwa, ndipo kudera limene malungo anali ochuluka kwambiri nambalayo inapitirira 6,000. Kudwala kopewedwa kunaposa chiwerengero cha ana enieniwo.

Tiyerekeze matenda ena amene amagwira mwana mmodzi pa 10,000. Ngakhale katemera wake atateteza ndi 90 peresenti, mungabaye mudzi wonse ndi midzi yoyandikana musanapulumutse mwana mmodzi. Peresenti yaikulu pa matenda osowa ikhoza kukhala ndi phindu lochepa poyerekeza ndi peresenti yaing'ono pa matenda a tsiku ndi tsiku.

Ndipo kudwala kumodzi kumeneko amayi mumakudziwa kulemera kwake. Thupi lotentha ngati mbaula pakati pa usiku, kusaka kabaza kusanache, mzere wa kuchipatala, munda utaima. Nthawi zina mwana kukomoka maso atatembenuka, kapena adokotala kutsegula chikhatho chake n'kupeza chayera, akuti magazi achepa, tithamange tipeze magazi. Mwana akapewa zimenezi kamodzi kapena kawiri asanakwanitse zaka zisanu, ine sindingati phindulo n'lochepa.

Komabe ndisakukokereni mbali imodzi, chifukwa kukayika kwanu kuli ndi malo ake. Pali zotsatira zambiri za kafukufuku zimene zimalengezedwa mokweza koma wodwala osaona kusintha. Ofufuza akamati zotsatira zatsimikizika mwa masamu, amangotanthauza kuti kusiyana kumene apeza n'kovuta kukhulupirira kuti kwangochitika mwamwayi. Sakunena kuti kusiyanako n'kwakukulu. Kafukufuku wa anthu ambiri amatha kugwira kusiyana kochepetsetsa. Mu 2022 kunatuluka zotsatira za mankhwala a lecanemab, a matenda oiwala a Alzheimer, oyesedwa pa anthu 1,795 kwa miyezi 18. Nkhani inamveka yoti amachedwetsa matendawa ndi 27 peresenti, nambala yosasiyana kwambiri ndi ya katemera wathuyu. Koma pa muyeso umene anagwiritsa ntchito, wofika pa 18, magulu awiriwo anasiyana ndi 0.45 yokha. Magulu onse awiri anapitirira kuiwala, koma olandira mankhwalawo pang'onopang'ono. Kuti apeze kaphindu kameneko ankaikidwa dripi milungu iwiri iliyonse, ndipo pafupifupi 13 pa 100 alionse anapezeka ndi kutupa mu ubongo, ngakhale ambiri sanamve kanthu. Ku America anawavomereza mu 2023. Ku England bungwe lounika mankhwala la NICE linakana kuti boma lizigulira odwala, ponena kuti phindu silikufanana ndi mtengo. Madokotala mpaka lero akutsutsana ngati mkazi amene akusamalira mwamuna wake wodwala kunyumba angaone kusiyana kwa 0.45 kumeneko.

Chimene chimandiopsa kwambiri ine ndi kafukufuku woyeza chinthu chongooneka bwino m'malo moyeza moyo weniweni. Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti mwana wobwera ndi kutentha thupi koopsa, manja atazizira, magazi asakuyenda bwino, ayenera kuthiridwa madzi ambiri a dripi mofulumira. Ndipo zinkaoneka ngati zikugwira: manja ankafunda, mwana ankaoneka watsitsimuka. Kafukufuku wa FEAST ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, wa ana 3,141, anafunsa funso lalikulu lakuti pakatha maola 48 amoyo ndi angati. Anaimitsidwa msanga mu 2011, chifukwa mwa othiridwa madzi mofulumira anamwalira pafupifupi 11 pa 100, pamene mwa olandira dripi ya pang'onopang'ono anamwalira 7. Anamwino ndi madokotala amene ankaona ndi maso awo ana akutsitsimuka anavutika kukhulupirira. Chonde musamve ngati dripi ndi yoipa: ana otsekula m'mimba amene madzi atha m'thupi sanali m'kafukufukuyu, ndipo iwo madzi amawapulumutsa. Nkhani ndi yakuti kuoneka bwino pa ola loyamba ndi kutuluka m'chipatala wamoyo ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Pamene chikuyezedwa ndi imfa, ngakhale kusiyana kooneka kochepa kumalemera. Mu 2010 kafukufuku wa AQUAMAT, wa ana 5,425 odwala malungo aakulu m'mayiko 9 kuphatikizapo Mozambique, anapeza kuti olandira jakisoni wa artesunate anamwalira 8.5 pa 100, a kwinini 10.9. Ndiye kuti pa ana pafupifupi 41 aliwonse, mmodzi amene akanamwalira pa kwinini anabwerera kwawo. Pa chifukwa chimenechi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika artesunate patsogolo pa kwinini.

Tibwerere kwa mwana wanu. Katemera wa malungo anafunsidwanso mafunso ovuta omwewa. M'kafukufuku woyamba uja munaoneka zizindikiro zodetsa nkhawa, monga matenda oumitsa khosi amene anapezeka kwambiri mwa obayidwa, ndipo panalibe umboni woti imfa zatsika. Choncho WHO sinathamangire kuvomereza. Inati ayambe aperekedwa m'madera ena a Malawi, Ghana ndi Kenya akuyang'aniridwa, ndipo Malawi ndiye anayamba, pa 23 April 2019, m'maboma 11. Ana oposa 2 miliyoni atalandira m'mayiko atatuwa, nkhawa ya matenda oumitsa khosi ija sinatsimikizike. M'madera opereka katemera, ana a msinkhu wolandira ogonekedwa m'chipatala ndi malungo aakulu anachepa ndi 22 peresenti, ndipo imfa za ana a msinkhu umenewo zinatsika ndi 13 peresenti. Zimenezi zinachitika m'masikelo wamba, momwe ana ena sanabayidwe n'komwe ndipo ena sanamalize. WHO inali itavomereza kale katemerayu mu October 2021, itaona zotsatira zoyambirira.

Zovuta zake zilipo ndipo muzidziwe: pobayidwa pamatupa, thupi limatha kutentha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ana ochepa amakomoka chifukwa cha kutenthako. Mphamvu yake imatsikanso pakapita nthawi. Mwana wobayidwa athabe kudwala malungo, ndiye neti isachoke pabedi, ndipo thupi likatentha mupite naye akayezedwe tsiku lomwelo, musadikire poganiza kuti ndi wotetezedwa.

Ine ndikuti ngati kusikelo kwanu katemerayu alipo, pitani naye. Kuno amabayidwa pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Ya miyezi 22 ndi imene ambiri amaiphonya chifukwa mwana amakhala akuyenda kale ndipo ulendo wa kusikelo wazilala. M'kafukufuku uja, ana amene analekera pa jakisoni zitatu kudwala kunatsika ndi 28 peresenti, koma pa malungo aakulu chitetezo chawo chinali chitatheratu pofika kumapeto. Afunseni alangizi a zaumoyo akulembereni tsiku la jakisoni yachinayi m'kabuku ka mwana.