Za olemba mbiri a mu Blantyre ndi funso lanu la Ndirande

Achimwene, mwafunsa ngati mu Blantyre muno munakhalapo anthu olemba mbiri yakale, makamaka amene analembako za Ndirande kumene munabadwira, ndiponso kumene mabuku awo amapezeka. Yankho langa litalikirapo, mundipirire.

Dzina limene aliyense angayambe kukupatsani ndi la malemu D.D. Phiri. Anabadwa mu 1931 ku Mzimba, anagwira ntchito m'boma mpaka ku ukazembe, ndipo atapuma anakhazikika mu Blantyre n'kutsegula Aggrey Memorial School, sukulu yophunzitsa anthu kudzera m'makalata. Ambiri tinawadziwira m'nyuzipepala ya The Nation, m'mene ankalemba mlungu ndi mlungu mpaka ukalamba. Anatisiya mu 2019. Analemba timabuku ta mbiri ya anthu monga John Chilembwe, Inkosi Gomani II, Charles Chinula, Dunduzu Chisiza ndi James Frederick Sangala, kenako buku la Angoni lotchedwa From Nguni to Ngoni, ndi History of Malawi m'magawo awiri. Kwa inu wa mu Blantyre, yambani ndi kabuku ka Sangala. Sangala ndiye anali msana wa Nyasaland African Congress, bungwe la ndale la anthu akuda, pamene inkakhazikitsidwa mu 1944, ndipo zambiri za nthawi imeneyo zinkachitikira mumzinda uno, pakati pa makalaliki, aphunzitsi ndi amalonda achikuda. Muona mmene anthu ophunzira a m'tauni ankakhalira zipani za ndale zimene tikuzidziwa lero zisanabadwe.

Wina amene anthu amamuiwala ndi Lewis Bandawe, Mlomwe amene anakulira pa mishoni ya Blantyre, anakatumikira kwa Alomwe ku Mozambique, anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe, ndipo pambuyo pake anali womasulira kukhoti lalikulu. Buku la moyo wake, Memoirs of a Malawian, linatuluka mu 1971 atalikonza Bridglal Pachai wa ku yunivesite. Ine ndimalikonda chifukwa wolankhulayo ndi munthu amene anayenda yekha m'misewu ya Blantyre ya nthawi ya atsamunda, osati wochita kumva kwa ena.

Koma ndisakunamizeni. Mukatsegula mabuku amenewa mukufunafuna Ndirande, mudzaipeza mwa apo ndi apo, mzere umodzi pano, ndime imodzi uko. Olemba athu a m'badwo umenewo maso awo anali pa dziko lonse: mafumu, amishoni, Chilembwe, chitaganya, ufulu. Sindikuwadzudzula. Azungu anali atalemba kale mbiri ya Nyasaland ngati kuti inayamba tsiku limene Livingstone anafika, ndiye munthu ngati D.D. Phiri anali ndi ntchito yaikulu yoonetsa kuti ifenso tinali ndi anthu athu otchuka. Koma chotsatira chake n'chakuti mayi amene ankaphika kachasu kuti alipirire ana sukulu, kapena bambo amene ankadzuka tambala woyamba kuyenda wapansi kupita kukampani, sanapeze malo okwanira m'mabukumo. Pomwetu mbiri ya Ndirande yagona pa anthu otere.

Taganizani mmene dera limeneli linakulira. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, kampani ya African Lakes inabwera mu 1878, nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882. Tauni imene inamera pamenepo inakonzedwera azungu ndi amwenye. Anthu akuda ambiri ankagwiramo ntchito masana koma ankagona kunja kwa malire, m'midzi ya mafumu yozungulira. Midzi imeneyo ndi imene inadzaza pang'onopang'ono n'kusanduka ma lokeshoni. N'chifukwa chake mpaka lero mu Ndirande muli mafumu ngakhale ndi mumzinda, ndipo timisewu take timakhotakhota potsata mmene anthu ankagawirana malo, osati mmene woyeza malo akanajambulira. Limbe nayo inakula payokha chifukwa cha njanji ndi fodya, mpaka inaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead itatsegulidwa ku Makata, inakoka anthu ambiri kudzachita lendi ku Ndirande, ndipo sitiraka ya mu May 1992, imene inagwedeza boma la chipani chimodzi, inayambira pa fakitale yomweyo. Anthu amene anali pamsewu masiku amenewo ambiri akadali moyo. Ena mumakwera nawo minibasi.

Zopezera mabuku, pitani kaye ku Mandala House. Pamwamba pake pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946 likutchedwa Nyasaland Society, ndipo magazini yake yakhala ikutuluka kuyambira 1948. M'magazini imeneyo ndi mmene muli nkhani zing'onozing'ono za malo, zolembedwa ndi anthu okonda mbiri amene sanali mapulofesa, ena atsamunda opuma ntchito, ena Amalawi. Muwerenge mosamala, chifukwa za m'zaka zoyambirira zili ndi maso a bwana wachizungu, ndipo dzina la mfumu mukhoza kulipeza litalembedwa mokhota mpaka osalizindikira. Komabe muli zithunzi ndi mapu akale. Mukaika mapu akalewo pambali pa a lero, mudzaona phiri la Ndirande lili ndi nkhalango pamene ife tikudziwa miyala ndi minda. Kenako ku Zomba kuli National Archives, kumene kuli makalata a ma DC ndi malipoti a boma la atsamunda. Mabuku osindikizidwa ndi a Kachere, ku Zomba komweko, amathandiza pa mbiri ya mipingo. Ngati mukufuna buku limodzi lalikulu lokupatsani chithunzi chonse, la John McCracken, A History of Malawi 1859–1966, lili ndi gawo labwino la moyo wa m'matauni. Musaiwalenso ogulitsa mabuku akale m'mphepete mwa msewu ku Blantyre ndi ku Limbe. Timabuku ta D.D. Phiri nthawi zina timapezeka pakati pa mabuku a sukulu, chikuto chitathothoka.

Tsono langizo langa lenileni ndi ili: buku limene mukulifunalo mulilembe ndinu. Musaseke. Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo Mbiri ya Achewa anailemba pofunsa akuluakulu n'kulemba zimene ankamuuza, m'chinenero chathu chomwechi. George Simeon Mwase analemba za Chilembwe ali m'ndende, ndipo zolemba zakezo zinadzasindikizidwa mu 1967. Inu muli ndi foni yojambula mawu m'thumba.

Poyambira pabwino ndi pamaliro, ngakhale zikumveka zachilendo. Ija mbiri ya malemu imene wachibale amawerenga asananyamule bokosi, papepala long'ambidwa m'kope: anabadwira kwa mfumu yakuti ku Mulanje kapena ku Chiradzulu, anabwera m'tauni chaka chakuti, anagwira ntchito ku njanji zaka zakuti, anali mkulu wa mpingo. Mwambo ukatha pepalalo limapindidwa n'kulowa m'thumba la jekete, osaonekanso. Mutasonkhanitsa mapepala otero a dera limodzi, mukhoza kuona anthu anachokera kuti, anabwera liti ndiponso chinawakoka n'chiyani. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati m'mipingo yakale ali ndi zofanana. Kwa mfumu kuli kukumbukira za malire ndi milandu ya malo, ndipo m'pofunika kuyamba kukaonekera kumeneko musanayambe kugogoda m'makomo ndi mafunso.

Pofunsa agogo musayambe ndi ndale, amatseka pakamwa, makamaka amene anaona za 1959 pamene anthu ankatsekeredwa ku Kanjedza, kapena za nthawi ya makadi a chipani. Afunseni kumene ankatunga madzi, msika unali pati usanafike pamene uli lero, basi yoyamba inkaima pati, ndani anayamba kufolera nyumba ndi malata. Zandalezo zimadzatuluka zokha tiyi akamazizira. Ndipo nkhani imodzi muifunse kwa anthu angapo, chifukwa aliyense amakokera kwawo, makamaka pa funso loti anayamba kukhala pamalopo ndani. Akasemphana musasankhe wokukomerani; lembani mbali zonse ndi dzina la amene wanena, tsiku limene mwacheza naye, ndiponso ngati wavomera kuti dzina lake lidzatuluke.