Yankho kwa achimwene a ku Ulongwe pa za laputopu yatsopano

Achimwene, mwafunsa ngati mungakopere Word ndi mapulogalamu ena pa fulashi kuchoka pa kompyuta yanu yakale ya Windows 7 ija n'kukaika pa laputopu mwagula ku Tete. Mafayilo inde atheka, koma mapulogalamu ayi, musadzivutitse. Pulogalamu ikamalowa mu kompyuta imamwaza tizidutswa take malo ambirimbiri, tina mu registry (kaundula wa mkati mwa Windows) tina m'mafoda obisika, ndiye mukangonyamula foda ya mu Program Files ikafika uko sitseguka olo mudine kangati. Zili ngati mtengo wa mango, simungaudule patsinde n'kukauzika kwina kuti ubereke. Pafunika kuinstala mwatsopano. Ngati Office yanu inali yogula funani key yake (nambala yachinsinsi imene munapatsidwa pogula) kapena akaunti ya Microsoft munalembetsera, ngati mulibe tengani LibreOffice, ndi yaulere ndipo imatsegula za Word ndi Excel bwinobwino. Zokraka zija, mapulogalamu obedwa osalipira aja, chonde zisiyeni, mudzaipatsa matenda laputopu ikadali yanyuwani.

Tsopano mafayilo. Lowani mu C: kenako Users kenako dzina lanu, mupezamo Desktop, Documents, Pictures ndi Downloads. Downloads imeneyi ndi imene anthu amaiwala kwambiri chonsecho ndi mmene mumakhala ma CV, masetifiketi opangidwa scan, ma PDF a kusukulu, musaidumphe. Ndipo pangani Copy osati Cut, ndikubwerezanso Copy, chifukwa kompyuta ya padesiki ilibe batire, magetsi akangothima ntchito ili mkati mukhoza kupeza mafayilo ena aonongeka osadziwa kuti afika ndi ati atsala ndi ati.

Fulashi zambiri zimabwera zili FAT32, mtundu wa kasungidwe ka mafayilo, ndipo imeneyo imakana fayilo imodzi yopitirira 4GB olo malo alipo, ndiye vidiyo ya ukwati ikakana musaganize kuti fulashi yafa, ipangeni format ikhale exFAT, koma chotsanimo kaye zanu chifukwa format imasesa zonse. Zinthu zikachuluka bwerekani external hard disk kwa mnzanu. Google Drive imapereka 15GB yaulere koma ma mega a Movitel kapena Vodacom angakuthereni musanafike ndi theka lomwe, ine ndingaikeko zikalata zofunika zokhazokha basi.

China chimene chikundidetsa nkhawa, Windows 7 inasiya kulandira zotetezera mu January 2020, ndipo makompyuta ngati amenewo kawirikawiri amakhala ndi kavayirasi kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Mukalowetsa fulashi mu laputopu musatsegule kalikonse, dinani kumanja musankhe scan ndi Defender, antivayirasi ya mu Windows, kaye. Mapasiwedi a mu Chrome lowani ndi Gmail yanu pa kompyuta yakaleyo muyatse sync, mukalowanso ndi Gmail yomweyo pa laputopu akutsatirani okha.

Yakaleyo musathamangire kuigulitsa kapena kupatsa ana, ikhale kaye mwezi wathunthu mukutsegula mafayilo pa yatsopano kuona ngati onse afika, ndipo podzaipereka muifufute bwinobwino, muli zithunzi ndi ma BI (ziphaso za unzika) a banja lanu mmenemo. Tandiuzani Documents ndi Pictures zikukwana ma GB angati ndikuuzeni ngati fulashi ikwanira.