Mafunso ndi Mayankho: Vinyo woyera wosakhwima timamulawa bwanji?

Funso: Ndimagwira ntchito mu lesitilanti ina ku Stellenbosch. Tagula vinyo woyera wotchedwa Chenin Blanc wa chaka chomwe akuti mphesa zinachita bwino. Ndingadziwe bwanji kuti ndi wofunika kusunga? Wowerenga, South Africa

Yankho: Musamuziziritse kwambiri, achimwene. Madigiri 10 mpaka 13 ndi okwanira, chifukwa akazizira mopitirira fungo limabisala. Thirani pafupifupi mamililita 50 m'tambula, muyang'ane kutsogolo kwa pepala loyera. Wosakhwima amaoneka wachikasu chotuwa, mwina chobiriwirako. Akayamba kuoneka wofiirira, ndiye kuti mpweya unalowa m'botolo.

Pukusani tambula mununkhize. Fungo la machesi oyatsa kumene lisakuopseni: limachokera ku sulfur ndipo nthawi zambiri limachoka vinyoyo akapuma mphindi 20. Koma fungo la katoni yonyowa ndi vuto la chotsekera cha cork, ndipo silitha. Botolo limenelo mubweze.

Nkhani yaikulu ili m'kamwa. Ikani vinyo pang'ono m'kamwa, muyendetse pakamwa ponse, mulavule, kenako muwerenge masekondi. Malovu akamatuluka ngati mwaluma ndimu, asidi alipo wokwanira, ndipo ndiye amasunga vinyo zaka zambiri. Kukoma kwa zipatso, monga apozi ndi mapeyala, kukhalebe masekondi 15 kapena kuposa. Kukazimirira msanga, kapena fungo la mbiya yamtengo wa oak likaphimba zipatso, ife sitingamusunge ngakhale chakacho chitatchuka bwanji.

Mulawenso botolo lomwelo mawa lake. Ngati wakoma kuposa dzulo, mabotolo otsalawo agonekeni chammbali pamalo amdima, ozizira pafupifupi madigiri 13.